Mtondo sunathyoke, unadooka: mafunso a m'nyengo yachisanu

Makalata amene ndalandira chiyambireni mwezi wa Juni akukamba nkhani imodzi, ngakhale kuti olemba ake sadziwana. Ambiri ndi anthu amene anazolowera kuthamanga, kuyenda ndawala kapena kuchita masewera ena olimbitsa thupi, ndipo tsopano akulimbana ndi kuzizira kwa m'mawa. Polimbikitsana amatchula miyambi ndi zining'a, kenako amayamba kutsutsana okhaokha za katchulidwe kake. Ndasankhapo makalata asanu.

Bambo wina wa ku Ulongwe, m'boma la Angonia kuno ku Mozambique, walemba kuti: "Tili ndi gulu lothamanga m'mamawa pamsewu wopita ku Calomue. Pa chikalata choitanira anthu tinalemba kuti 'Tisafooke m'dzinja lino', koma mkulu wina anatidzudzula kuti Juni si dzinja. Mnzathu wina akuti mawu oyenera ndi chisanu, chifukwa nyengoyi imayamba mwezi wachisanu wa chaka. Wolondola ndani?"

Bambo, mkulu amene anakudzudzulaniyo ananena zoona, ndipo mukakumana naye mumuthokoze. Dzinja ndi nyengo ya mvula, kuyambira chakumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala mpaka mu Malichi, pamene chimanga chili m'munda, mitsinje yadzaza, ndipo munthu akukhetsa thukuta popalira ndi pobandira. Likatha dzinja pamabwera masika, nthawi ya maungu, nzimbe ndi kukolola. Kenako timalowa m'chisanu, chimene chimalimba mu Juni ndi Julaye, ndipo pomaliza pamabwera chilimwe, chimene ena amati malimwe, pamene dzuwa limaswa mtengo mu Okutobala. Mawu akuti dzinja ndi akalekale ndipo ali ndi abale m'zilankhulo zoyandikana nafe: Ashona amati zhizha, Abemba amati amainsa, ndipo konseko tanthauzo lake ndi nyengo ya mvula. Palibe kumene mawuwa amanena za kuzizira.

Ndikuganiza kuti gwero la chisokonezochi ndi sukulu. Mwana wa kuno amaphunzira m'Chipwitikizi kuti chaka chili ndi nyengo zinayi za ku Ulaya, ndipo akafunsidwa kuti nyengo yozizira yotchedwa inverno n'chiyani m'chilankhulo cha makolo ake amangogwira mawu amene ali pafupi. Ku Portugal nyengo yozizira ndi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale, ndipo ndi nthawi yomweyo imene kumagwa mvula yambiri. Miyezi imeneyo kwa ife ndi dzinja, motero wina anaphatikiza mawu awiriwa poyang'ana kalendala, ndipo amene anabwera pambuyo pake anangotengera osafunsa thupi lawo kuti likumva chiyani.

Mnzanuyo wapeza mawu oyenera koma chifukwa chake n'cholakwika. Chisanu cha kuzizira sichichokera ku nambala imene ili mu Lachisanu. Makolo athu ankadziwa chisanu kalendala yoyambira Januwale isanafike kuno ndi Apwitikizi ndi amishoni, ndipo ankawerenga nthawi poyang'ana mwezi kumwamba ndi ntchito za kumunda. Komanso mawuwa satchula nyengo yokha. Mlimi wa mbatata ya kachewere ku Tsangano akati chisanu chawotcha mbewu zake kudimba, akunena za kuzizira kwenikweniko kumene kumagwa usiku m'zigwa n'kufotetsa masamba. Lembaninso chikalata chanucho kuti "Tisafooke m'chisanu chino". Ndipo popeza mwatchula msewu wa ku Calomue, umene umadutsa magalimoto akuluakulu opita ku Dedza, uzani anzanu kuti m'mawa wa nkhungu azivala zovala zowala ndipo azithamangira mbali yoyang'anana ndi magalimoto obwera.

Mayi wina, mphunzitsi wa ku Furancungo, akufunsa kuti: "Ana a m'kalasi mwanga akamafotokoza za mpikisano wothamanga amalemba kuti 'anathamanga liwiro la mtondo wathyoka', ena 'mtondo wagwa'. Ine ndimadziwa 'mtondo wadooka'. Kodi ndiziwachongera kuti alakwa, kapena zonsezi n'zololeka?"

Mayi, achongereni kuti alakwa, koma musalekere pomwepo, chifukwa cholakwa chimenechi chili ndi phunziro lokoma kuposa yankho lolondola. Chining'a chenicheni ndi "liwiro la mtondo wadooka". Kudooka n'chimodzimodzi ndi kubooka, ndipo mtondo umene ukunenedwa ndi wosinjiramo chimanga. Agogo anga aakazi, amene anakhala moyo wawo wonse m'tsinde mwa phiri la Domwe, ankatifotokozera motere. Mtondo ukakalamba, musi umaudya pansi pang'onopang'ono mpaka tsiku lina umabooka ntchito ili mkati. Mphale imayamba kutayikira pansi, nkhuku zimasonkhana, dzuwa likupendeka, ndipo anthu akuyembekezera nsima. Pamenepo mayi amatuma mwana kuti akabwereke mtondo kwa anansi, ndipo mwanayo sayenda, sapatsa moni panjira, amangoliyatsa. Limenelo ndilo liwiro la mtondo wadooka. Ndamvapo mafotokozedwe ena osiyana pang'ono m'midzi ina, koma onse amagwirizana kuti chinthucho ndi chosinjira ndipo chabooka.

N'chifukwa chiyani ana anu akulemba kuti wathyoka kapena wagwa? Ndikuona zifukwa ziwiri. Choyamba n'chakuti chigayo chinalanda ntchito ya mtondo, moti mwana wobadwira pa boma la Furancungo akhoza kufika kalasi yachisanu ndi chimodzi asanaonepo mtondo wobooka, ndipo mneni wakuti kudooka samumvanso pakamwa pa wina aliyense. Chachiwiri n'chakuti palinso mtengo wotchedwa mtondo, ndipo mwana amene sakudziwa za kusinja amaganiza za mtengowo. Mtengo umathyoka, umagwa, ndipo munthu amathawa kuti usamugwere. Mwanayo sanalankhule mwachisawawa, wayesa kukonza mawu amene kwa iye analibe chithunzi kuti akhale nacho. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya miyambi yopotozedwa: mawu amapotoka pamene wolankhula wasiya kuona chinthu chimene mawuwo akutchula. Choncho mankhwala ake si kuloweza pamtima. Tumizani ana akafunse agogo awo, kapena bwerekani mtondo wakale mubwere nawo m'kalasi, muutembenuze, ana aone pansi pake pamene pafuna kudooka. Sadzalembanso kuti wathyoka.

Ndiwonjezere mfundo imodzi ya kagwiritsidwe ntchito, chifukwa ndamva anthu akuluakulu akunena kuti m'mawa uliwonse amathamanga liwiro la mtondo wadooka. Sizingatheke, ndipo zikanakhala zoona akanavulala. Chining'achi n'cha liwiro ladzidzidzi, la kamtunda kakafupi, la munthu amene waika mphamvu zake zonse. Chimayenera pofotokoza mmene Lurdes Mutola anamalizira mpikisano wa mamita 800 ku Sydney m'chaka cha 2000 pamene anapatsa dziko la Mozambique mendulo yake yoyamba yagolide pa masewera a Olimpiki. Munthu wodzuka m'bandakucha wa Julaye, minofu ikadali youma ndi kuzizira, amayamba ndi kuyenda mphindi 5 kapena 10 mpaka thupi litafunda, kenako n'kumathamanga mwapang'onopang'ono. Ndipo "phazi thandize", amene ana amakondanso kulemba, ndi mawu a munthu wothawa choopsa, osati wa mpikisano.

Mtsikana wina wa ku Zobue walemba kalata yodandaula: "Ndinayamba bwino mu Epulo, koma kutangozizira ndagwa mtima, sindikutulukanso m'nyumba. Mchemwali wanga amandinyoza kuti 'Zengerezu adadya kwawukwawu'. Kwawukwawu ndi chakudya chanji?"

Mwana wanga, kwawukwawu sichakudya, ndipo mchemwali wako wasakaniza miyambi iwiri. Amene adadya ndi Fulumira: "Fulumira adadya gaga", chifukwa sanadikire kuti chimanga chisinjike bwino. Zengerezu sanadye kanthu, iye "adalinda kwawukwawu". Mawu amenewa akuchokera ku mneni wakuti kukwawa, ndipo akujambula munthu amene anazengereza kunyamuka pamene miyendo inali ndi mphamvu, mpaka nthawi inamupitirira n'kufika poyenda chokwawa. Taona mmene chilankhulo chathu chimasandutsira khalidwe kukhala munthu wa dzina lake: Zengerezu, Fulumira, Suzumire. Miyambi iwiriyi ndi yoyang'anana, umodzi ukudzudzula wochedwa, winawo wopupuluma, ndipo ukaiphatikiza umatsala ndi mawu amene sakudzudzula aliyense.

Koma chimene chandigwira mtima kwambiri m'kalata yako ndi mawu akuti "ndagwa mtima". Ndikuwamva kawirikawiri masiku ano, makamaka kwa achinyamata, ndipo ndi zidutswa za zining'a zosiyana zomatidwa pamodzi. M'Chichewa munthu amagwa mphwayi, amagwa ulesi, kapena amataya mtima. Mtima ukapita pansi ndiye kuti zinthu zili bwino, n'chifukwa chake wodandaula timamuuza kuti akhazike mtima pansi. Zitatu zinazi si chinthu chimodzi ayi. Wogwa ulesi amadziwa kuti ntchitoyo ndi yabwino, koma bulangete lamukomera. Wogwa mphwayi chidwi chamuthera, mwina chifukwa anayembekezera kuona kusintha msanga ndipo sanakuone. Wotaya mtima wasiya kukhulupirira kuti zingatheke n'komwe. Ndikulimbikira kusiyanitsa kumeneku chifukwa mawu olondola amakuuzanso chochita. Ngati ndi ulesi wa m'mawa, sintha nthawi: palibe lamulo lakuti masewera achitike tambala asanalire, ndipo kumapiri kwanuko, kumene usiku wa Julaye kumazizira kwambiri, madzulo dzuwa lisanalowe ndi nthawi yabwino. Ngati ndi mphwayi, peza mnzako woti muzidikirana pamphambano, pakuti n'kovuta kugona ukudziwa kuti wina akunjenjemera panja chifukwa cha iwe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kuti pa mlungu azichita masewera osalemetsa kwambiri kwa mphindi zosachepera 150, ndiko kuti mphindi 30 kwa masiku asanu, ndipo kuyenda ndawala kumawerengedwa.

Mchemwali wako akafuna mwambi wokulimbikitsa m'malo mokunyoza, muuze kuti ulipo: "Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha." Umenewunso ukuwonongeka, chifukwa ndamva ena akunena kuti adatha mtunda n'kuuluka. Aliyense amene anakusa mbuzi ali mwana amamudziwa tsokonombwe, chiwala chonenepa, chamtundu wa dothi, chimene chimangodumpha kamtunda kochepa n'kuima, kenako n'kudumphanso. Akanakhala wouluka ngati dzombe, mwambiwu sukanakhalapo. Mphamvu yake yonse ili pakuti kachilombo kosauluka kanafika kumene kamapita.

Mnyamata wina wogwira ntchito ku Moatize akufunsa za mawu obwereka: "Kuno timati 'ndikupita kukatereyinari' kapena 'ku jinasitika', pamene abale athu a ku Malawi amati 'kujoga' ndi 'ku jimu'. Atate anga amakwiya akamva zimenezi. Kodi tikuononga chilankhulo?"

Achimwene, pa nkhani iyi ndine wofewa kuposa atate anu. Apwitikizi anakhazikika ku Tete m'zaka za m'ma 1530, ndipo kuyambira nthawi imeneyo mawu awo akhala akukwera mtsinje wa Zambezi n'kulowa m'chilankhulo chathu. Kalata imene mwandilemberayi ndi carta, nsapato zimene mumathamangira ndi sapato, chipewa chimene mumavala pothawa chisanu ndi chapéu, mbatata ndi batata, kapitawo wa kuntchito kwanu ndi capitão, ndipo kachasu ndi cachaça. Atate anu amatchula mawu onsewa osamva kuti ndi achilendo, ndipo ngakhale ku Kasungu, kumene Chipwitikizi sichilankhulidwa, anthu amawayesa Chichewa chenicheni. Chimene makolo anachita n'chakuti anawasula mawuwo mpaka anakwana m'kamwa mwathu: anaika n kutsogolo kwa nsapato, anaika m kutsogolo kwa mbatata, anapatula makonsonanti oyandikana mu carta. Chimene chimandiwawa m'khutu pa "kutereyinari" ndi mchira wa Chipwitikizi umene wasiyidwa kumapeto. Mneni wa Chichewa amathera ndi a, kuti tithe kunena kuti kuthamanga, kuthamangitsa, kuthamangira, kuthamangitsana. Mawu a ku Malawi akuti kujoga, ngakhale ndi obwereka ku Chingerezi, analowa m'nyumba n'kuvala zovala za pakhomo. Pocheza ndi anzanu nenani mmene mukufunira. Polemba, mawu akuti "masewera olimbitsa thupi" amamveka kuyambira ku Chifunde mpaka ku Chipata, ndipo ngati ndi odumphadumpha alipo mawu osangalatsa akuti majowajowa, ochokera ku kujowa.

Chimene ndikanakonda kuti atate anu akwiye nacho ndi china. M'kalata yanu mwalemba kuti "timapanga masewera". Mneni wakuti kupanga akumeza mnzake wakuti kuchita, ndipo tsopano anthu akupanga masewera, akupanga manyazi, akupanga ngozi, akupanga mantha. Kupanga ndi kuumba kapena kukonza chinthu chimene panalibe, monga mmisiri amapanga mpando. Masewera timachita, manyazi timachita, mantha timachita. Liwu lobwereka limawonjezera chuma cha chilankhulo, koma mneni mmodzi akalanda malo a mnzake chilankhulo chimasauka. Za kalembedwe kanu ka "cisanu" ndi "cipewa" musade nazo nkhawa. Umo ndi mmene Chinyanja chimalembedwera kuno ku Mozambique, ndiponso m'mabuku a sukulu zophunzitsa m'zilankhulo ziwiri zimene zinayamba m'chaka cha 2003, pamene ku Malawi, kumene chilankhulochi chinatchedwa Chichewa mu 1968, amalemba ch. Katchulidwe n'kamodzi.

Kalata yomaliza yachokera mumzinda wa Tete, kwa bambo amene kwawo ndi ku Angonia. Akuti: "Kuno chisanu ndiyo nthawi yabwino yothamanga, ndipo timapita pamchenga m'mbali mwa Zambezi. Tikufuna kusindikiza mwambi pa malaya a gulu lathu. Ena akuti 'Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi', ena akuti 'n'kumalizira limodzi', poti cholinga chathu n'chakuti pasakhale wotsalira. Komanso mnzathu wina akajomba amadziteteza kuti 'kugona pakati n'kuyambirira'. Kodi akuugwiritsa bwino ntchito?"

Bambo, mwanena zoona za nyengo. Mzinda wa Tete uli m'chigwa, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, motero miyezi imene abale anu a ku Ulongwe akuothera moto ndiyo imene inu mumapumako. Nyengo ndi imodzi, dzina lake n'limodzi, koma chigawo chathu cha Tete chili ndi mapiri ndi chigwa. Kumbukirani kumwa madzi ngakhale simukumva ludzu, chifukwa mpweya wa miyezi ino ndi wouma, ndipo musayandikire kwambiri madzi m'bandakucha pakuti mtsinjewo uli ndi ng'ona.

Mwambiwo ndi "Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi", ndipo inu amene mumathamanga pamchenga weniweni muli ndi mwayi woumvetsa kuposa wina aliyense. Mumchenga phazi limatitimira, ndipo mphamvu imene pa nthaka youma ikanakukankhirani kutsogolo imathera pansi. Amene wachedwa kunyamuka sangamupeze mnzake, ngakhale atakhala waliwiro chotani. Mwambiwu ukunena kuti pa ntchito yovuta wotsalira poyamba amatsaliratu, choncho onse ayambe nthawi imodzi. "Kumalizira limodzi" ndi maganizo abwino, ndipo ndikuyamikira mtima wa amene akuwafuna, koma si mwambi, ndipo sakugwirizana ndi mchenga. Ngati mukufuna mawu amenewo alembeni ngati mawu a gulu lanu, musawaveke dzina la makolo.

Mnzanu wojombayo akuutchula bwino mwambi wake koma wautembenuza tanthauzo. Ife amene tinagonapo m'mphala tikudziwa kuti usiku wachisanu anyamata ankagona pamphasa imodzi ndi chofunda chimodzi, ndipo malo ofunda anali apakati, pamene wa kumphepete ankangokokerana nsonga ya chofunda usiku wonse. Malo apakatiwo sankagawidwa ndi munthu, ankapita kwa amene wafika msanga. Mwambiwu ukuyamikira wolawirira, ndipo mnzanuyo akamautchula ali m'bulangete anzake ali kumchenga, akudziweruza yekha. Pa gulu ngati lanu, limene mwina madzulo aliwonse anthu amalonjezana kuti mawa onse adzabwera, ndingakupatseni wina woti muuganizire pa malayawo: "Tiyenitiyeni sachoka, achoka ndi vundumuku." Vundumuku ndi amene amangodzambatuka n'kunyamuka osaitana msonkhano. Mukausankha umenewu, wosindikiza mumuuze kuti Tiyenitiyeni alembedwe ngati liwu limodzi loyamba ndi chilembo chachikulu, chifukwa m'mwambimu ndi dzina la munthu, monga Zengerezu.